MALAMULO A ALENJE A KU IDAHO

Kutali kumadzulo, kutsidya kwa nyanja yaikulu ya Atlantic, kuli dziko la United States of America. Dzikoli linagaŵidwa m'zigawo 50, ndipo chigawo chirichonse chiri ndi boma lake ndiponso malamulo ake osamalira nyama zakuthengo. Chimodzi mwa zigawozi ndi Idaho, ndipo likulu lake ndi mzinda wa Boise. Ku Idaho kuli mapiri aatali, nkhalango zoŵirira ndi mitsinje yambiri. M'miyezi ya Disembala ndi Januwale kumazizira kwambiri kotero kuti madzi a m'maiŵe amaundana n'kulimba gwa ngati mwala. Chifukwa cha kuzizirako nyama zambiri za kumeneko ziri ndi ubweya wochuluka ndi wofeŵa, ndipo anthu akhala akugulitsa zikopa zake kuyambira kalekale.

Nyama yodziŵika kwambiri mwa nyama zaubweyazi ndi biva. Biva amafanana ndi ntchenzi, koma ndi wamkulu, pakuti amatha kulemera makilogalamu 20. Mchira wake ndi wophwathalala ngati nkhafi. Iye amagwetsa mitengo ndi mano ake akuthwa, ndipo amatseka mtsinje ndi nthambi, miyala ndi matope mpaka madzi atapanga dziŵe. M'dziŵemo amamangamo nyumba yake. Maiŵe a abiva ndi othandiza kwambiri chifukwa amasunga madzi m'chilimwe, amachepetsa kukokoloka kwa nthaka, ndipo nsomba ndi abakha amapezamo malo okhala.

Kale anthu olemera a ku Ulaya ankakonda zipewa zopangidwa ndi ubweya wa biva. Choncho amalonda anapita ku America kukafunafuna zikopa. M'zaka za m'ma 1820 kampani ya Hudson's Bay inatumiza magulu a alenje ku mtsinje wa Snake, umene umadutsa m'Idaho. Alenjewo anauzidwa kuti aphe abiva onse amene angawapeze, kuti amalonda a makampani ena akadzafika asadzapeze kanthu. Panalibe lamulo lowaletsa. Pofika cha m'ma 1840 abiva anali atasoŵa m'mitsinje yambiri, ndipo alenje omwewo anasoŵa chogulitsa.

Patapita zaka zambiri anthu anazindikira kuti nyama zikhoza kutheratu. M'chaka cha 1899 boma la Idaho linasankha mlonda wamkulu woyang'anira nyama ndi nsomba, ndipo m'chaka cha 1938 anthu anavota kuti pakhale bungwe lokonza malamulo a ulenje. Abiva anayamba kutetezedwa, ndipo anaswananso pang'onopang'ono.

Itatha nkhondo yachiŵiri ya dziko lonse, anthu ambiri anamanga nyumba pafupi ndi tauni ya McCall. Posakhalitsa anayamba kudandaula kuti abiva akugwetsa mitengo yawo ndi kutseka ngalande zothirira minda. Alonda a nyama sanafune kuwapha, koma anaganiza zowasamutsira kumapiri kumene kunalibe anthu. Vuto linali lakuti kumeneko kunalibe misewu. Akawanyamula pa akavalo ndi abulu, ulendo unkatalika, ndipo abiva ena ankafa m'njira chifukwa cha kutentha.

Mlonda wina, dzina lake Elmo Heter, anapeza nzeru. Anakhoma bokosi lamatabwa lotseguka lokha likagunda pansi, nalimangirira ku parachuti yotsala ku nkhondo. Poyesa nzeruyo anaponya kuchokera m'ndege biva wina wokalamba, amene anampatsa dzina loti Geronimo, ndipo anachita zimenezi kangapo konse. Ataona kuti bivayo akutera bwinobwino, alonda anaponya abiva 76 ku dera la Chamberlain m'chaka cha 1948. Mmodzi yekha ndiye anafa. Otsalawo anayamba kumanga maiŵe m'mitsinje ya kumeneko.

Masiku ano munthu wofuna kutchera nyama zaubweya ku Idaho ayenera kugula chiphaso ku boma. Amene akuyamba kumene ntchitoyi ayenera kuphunzira kaye malamulo ndi katcheredwe koyenera. Saloledwa kutchera abiva chaka chonse, koma m'miyezi yozizira yokha. Lamuloli liri ndi zifukwa ziŵiri. Choyamba, ubweya umakhala wabwino nthaŵi yozizira. Chachiŵiri, m'miyezi yofunda nyamazi zimakhala zikulera ana, ndipo kupha make ndiko kupha ana omwe.

Pa msampha uliwonse mlenje ayenera kumangirirapo chizindikiro cha dzina lake kapena nambala yake, kuti alonda adziŵe mwiniwake. Ayenera kuyendera misampha yake asanapite masiku atatu, kuti nyama yokodwa isazunzike nthaŵi yaitali. Akapeza kuti mwakodwa nyama yosaloledwa ndipo ikali moyo, ayenera kuimasula pomwepo. Saloledwa kutchera pafupi ndi nyambo yoonekera, kuopa kuti ziombankhanga zingakodwe pofuna kudya nyamboyo. Saloledwanso kugumula nyumba ya biva kapena kugwira msampha wa mnzake.

Nyama zina ziri ndi malamulo oŵirikiza. Akatumbu ndi ochepa, choncho boma limanena chiŵerengero chimene chingaphedwe m'dera lirilonse. Chiŵerengerocho chikakwana, kutchera akatumbu kumatsekedwa m'deralo. Mlenje amene wapha katumbu, kapena vumbwe wamkulu wotchedwa bobcat, ayenera kupita ndi chikopa kwa alonda kuti akachiike chizindikiro. Mwa njira imeneyi boma limadziŵa ngati nyamazo zikuchepa kapena zikuchuluka. Koma nkhandwe yotchedwa coyote imaswana kwambiri ndipo imagwira ana a nkhosa, choncho mlenje amene ali ndi chiphaso akhoza kuisaka mwezi uliwonse.

Chilombo chimene chautsa mkangano waukulu ndi mmbulu. Kale oŵeta ng'ombe ndi nkhosa ankapha mimbulu ndi mfuti, misampha ndi mankhwala akupha, ndipo boma linkawathandiza. Pofika m'ma 1930 mimbulu inali itatsala pang'ono kutheratu ku Idaho. M'chaka cha 1973 boma la dziko lonse la United States linakhazikitsa lamulo loteteza nyama zimene zatsala pang'ono kutha. Pambuyo pake, m'zaka za 1995 ndi 1996, mimbulu 35 yochokera ku Canada inamasulidwa m'mapiri a pakati pa Idaho. Inaswana msanga, ndipo m'kupita kwa nthaŵi inapitirira 1,000.

Oŵeta anadandaula kuti mimbulu ikugwira ziŵeto zawo, ndipo alenje ena anati ikutha mbaŵala zazikulu zotchedwa elk. Koma ena anati mmbulu uli ndi ntchito yake m'nkhalango, chifukwa umagwira nyama zodwala ndi zofooka, ndiponso umaletsa mbaŵala kuchuluka mpaka kutha msipu. M'chaka cha 2009 boma la Idaho linalola alenje ogula chiphaso chapadera kusaka mimbulu, ndipo m'chaka cha 2021 linaonjezera njira zoiphera. Aliyense wopha mmbulu ayenera kukauonetsa kwa alonda. Mkanganowo sunathebe, pakuti woŵeta akulira ng'ombe zake, pamene wina akuopa kuti mimbulu ingathenso monga kale.

Ntchito yoŵerenga nyama ndi yolipira alonda imafuna ndalama zambiri. Ndalamazo zimachokera kwa alenje ndi asodzi pogula ziphaso. Zina zimachokera ku msonkho wa mfuti ndi zipolopolo, potsata lamulo la m'chaka cha 1937. Munthu wophwanya malamulo a ulenje amalipira chindapusa, ndipo khoti likhoza kumulanda chiphaso chake.

Zikopa zimagulitsidwanso kunja. Pachifukwa chimenechi mayiko ambiri anapangana pangano lotchedwa CITES mumzinda wa Washington m'chaka cha 1973, loyang'anira malonda a nyama zakuthengo. Chikopa cha katumbu kapena cha bobcat sichiloledwa kutuluka m'dziko la United States chopanda chizindikiro chija. Dziko la Malaŵi nalonso liri m'panganoli, ndipo liri ndi lamulo lake la m'chaka cha 1992 loteteza nyama monga akambuku ndi mikango. Alenje a pa mtsinje wa Snake anafafaniza abiva m'zaka zoŵerengeka chabe, koma kuti abivawo abwerere panapita zaka pafupifupi 100.

MAWU ATSOPANO

mlenje: munthu wosaka nyama
chiphaso: kalata ya boma yopatsa munthu chilolezo
nyambo: chakudya chokopera nyama ku msampha
parachuti: nsalu yaikulu yonga ambulera yotsikira kuchokera m'ndege
chindapusa: ndalama zimene wolakwa amalipira

YANKHANI MAFUNSO AŴA

1. Kodi n'chifukwa chiyani nyama za ku Idaho ziri ndi ubweya wambiri?
2. Tchulani ubwino utatu wa maiŵe a abiva.
3. Kodi kampani ya Hudson's Bay inafuniranji kuti abiva onse aphedwe?
4. Fotokozani nzeru imene Elmo Heter anapeza m'chaka cha 1948.
5. Perekani zifukwa ziŵiri zimene alenje amatcherera abiva m'miyezi yozizira yokha.
6. Kodi oŵeta ng'ombe amati chiyani za mimbulu? Nanga ena amati chiyani?

NTCHITO

(a) Lembani ziganizo zomveka bwino pogwiritsa ntchito mawu aŵa: kutchera, kukodwa, kuswana, msipu.
(b) Funsani akuluakulu a kwanu za malamulo amene alenje ankatsata pa uzimba. Lembani ndime imodzi yofotokoza zimene mwamva.