Bowa wa m'botolo ndi kuiwalaiwala kwa agogo

Anzanga, pa Facebook ndi WhatsApp pachuluka otsatsa makapisozi a bowa. Akuti agogo akamwa, kuiwala kumatheratu. Ine ndati tiunike nkhaniyi ngati ana a sayansi, makolo athu asanagulitsire mtedza chifukwa cha botolo limodzi.

Ku Japan mu 2009, akatswiri anatenga anthu 30 a zaka 50 mpaka 80 omwe anali atayamba kuiwalaiwala. Theka anapatsidwa mapiritsi a bowa wotchedwa Hericium erinaceus, enawo mapiritsi opanda bowa. Patatha masabata 16, omwa bowa aja anakhoza bwino mayeso oyesa nzeru. Koma atasiya kumwa, pa masabata 4 okha malikisi anatsikanso.

Ku Singapore mu 2019, anafufuza okalamba oposa 600. Mwa omwe ankadya bowa woposa magalamu 300 pa sabata, chiopsezo choyamba kufooka nzeru chinali chotsika ndi theka.

Zokoma eti? Dikirani kaye. Anthu 30 ndi ochepa, kalasi yathu ya Fomu 1 imaposa pamenepo. A ku Singapore aja ankadya bowa wa ndiwo, osati makapisozi. Komanso mwina odya bowa ankadyanso zakudya zina zabwino. Zinthu ziwiri zikayendera limodzi sindiye kuti china chayambitsa chinzake. Mpaka pano palibe bowa wotsimikizika kuti amachiza matenda oiwalaiwala.

Nanga ife kuno kwa Mavwere titani?

1. Mvula ikagwa, tiwaphikire agogo utale, nyonzwe kapena ndelema. Ndi ndiwo zopatsa thanzi. Koma tizule wokhawo amene akuluakulu akuudziwa, wina amapha.
2. Agogo akayamba kusochera njira ya kumunda kapena kuiwala mayina a zidzukulu, tipite nawo kuchipatala. Akawayeze BP ndi shuga, chifukwa matenda amenewa amawononga mitsempha ya magazi ya mu ubongo.
3. Tisagule mankhwala pamsika mwachisawawa. Tifunse adokotala, makamaka ngati agogo akumwa kale mankhwala ena.
4. Tizicheza nawo. Atiimbire nthano, tisewere nawo bawo.

Chachikulu ndi ichi: gogo wopezeka pakhomo pa eni usiku atasokonezeka si mfiti ayi, akudwala. Mukamuona, musatole mwala. Mugwireni dzanja, mumuperekeze kwawo.

Wanu wa Fomu 3