Kuyeza madzi ndi nyali ya laser

Ana inu, yang'anani pamwamba pa moto. Mitengo ya kutsogoloko imaoneka ngati ikugwedezeka, cifukwa mpweya wotentha umapinda kuwala. Madzi akatentha amateronso.

Laser ndi nyali yotulutsa kuwala koongoka ngati ulusi. Ikawalitsidwa m'madzi, kanthu kosungunuka m'menemo kamamwa kuwalako ndi kutenthetsa madzi. Pakati pamatentha koposa m'mbali, ndipo madziwo amasanduka ngati galasi la mandala lomwaza kuwala. Gordon, Leite, Porto ndi anzao analemba za zimenezi mu 1965, ku America.

Poyeza, laser yaciwiri imadutsa pomwepo. Kuwala kwake kumabalalika, motero kolowa pa kabowo ka cipangizo kumacepa. Kucepako kumaulula poizoni, monga chromium, ngakhale madzi akuoneka oyera.

Laser za argon ndi zazikulu, zina zimafuna madzi oziziritsa. Laser ya diode ndi yaing'ono, imayaka ndi mabatire, munthu angainyamule. Koma opanga amavutika kuti kuwala kwake kusamaphethire, cifukwa kuphethira kumabisa kusintha kwakung'ono kumene akufuna.

Musayang'ane m'laser, imaononga maso!

Funso: N'cifukwa ciyani kuwala kwa laser yaciwiri kumabalalika?