Phunziro 14: Mpira wa ndodo

Kutali kum'mawa kuli dziko la Japan. Ana a kumeneko amakonda masewera a beisebol.

Mpira wake ndi waung'ono ngati lalanje. Gulu lililonse limakhala ndi osewera 9. Mmodzi amaponya mpira. Wa gulu lina amaumenya ndi ndodo, n'kuthamanga. Akazungulira bwalo ndi kufika pamene anayambira, gulu lake lapeza cigoli.

Masewerawa anacokera ku Amerika. M'caka ca 1872, mphunzitsi Horace Wilson anaphunzitsa masewerawa ophunzira ake ku Tokyo. Iwonso anaphunzitsa anzawo.

Mu 1936, ku Japan kunayamba mpikisano wa osewera olipidwa. Kwa iwo kusewera ndiyo nchito, monga kulima kapena kusodza. Maiko oyandikana nawo anateronso: Korea wa Kumwera mu 1982, Taiwan mu 1990.

Osewera ambiri amayambira kusukulu. M'nyengo yotentha, masukulu a ku Japan amapikisana pa bwalo la Koshien. Gulu likagonja kamodzi, labwerera kwawo. Anyamata amalira. Amatapa dothi la pabwalopo, n'kupita nalo kunyumba kuti asaiwale.

Mafunso
1. Gulu limodzi lili ndi osewera angati?
2. Ndani anaphunzitsa beisebol ku Tokyo?
3. N'cifukwa ciani anyamata amatapa dothi?

Kunyumba
Funsani agogo masewera amene ankasewera ali ana. Anawaphunzitsa ndani? Mawa mudzauze anzanu.