Kuphunzitsa za chonde ndi mbewu za m'zitini

Mwana wa ku Angónia kapena ku Tsangano amafika m'kalasi akudziwa kale za manyowa. Waonapo makolo ake akututa ndowe m'khola kupita nazo kumunda wa mbatata ya kachewere, ndipo amasiyanitsa manyowa ndi feteleza, pamene Chipwitikizi chimatha kutchula zonse ziwirizi ndi liwu limodzi loti adubo. N'chifukwa chake timafuna kuti phunziroli liyambe m'Chinyanja, mawu a Chipwitikizi adzabwere mwana atamvetsa kale nkhani yake.

Tasankha mbewu za m'zitini chifukwa zimaonetsa msanga vuto lawo. M'munda mizu imayenda patali kufuna chonde, koma m'chitini dothi ndi lochepa, ndipo nthawi iliyonse tikathirira, madzi otuluka m'zibowo zapansi amakokolola michere ina. Zibowozo sitingazitseke, pakuti mizu yokhala m'madzi osayenda imasowa mpweya n'kuwola.

Pali liwu limodzi loti tisamale nalo. Ambiri timanena kuti feteleza ndi "chakudya cha mbewu". Mawuwa amamveka bwino, koma amasokeretsa. Mbewu imadzipangira yokha chakudya m'masamba, kuchokera ku madzi ndi mpweya, mothandizidwa ndi kuwala kwa dzuwa. Zimene imatenga m'dothi ndi madzi ndi michere. Mwana amene wazolowera kuti mbewu imadya feteleza adzavutika akadzafika pa phunziro la fotossíntese, ndipo mphunzitsi wake adzaganiza kuti chavuta ndi Chipwitikizi, chonsecho cholakwikacho chinadzalidwa m'chinenero chake chomwe. Choncho tizinena kuti "michere ya m'dothi".

Michere ikuluikulu ndi itatu: nayitrojeni, fosiforasi ndi potaziyamu. Manambala a pathumba la NPK 12-24-12 amanena kuchuluka kwa itatuyi motsatira ndondomeko yomweyo, pamene yureya ali ndi nayitrojeni yekha, magawo 46 pa 100. Ana safunika kuloweza manambalawa. Chofunika n'chakuti aone kuti nayitrojeni akasowa masamba a m'munsi amayamba kuchita chikasu, fosiforasi akasowa masamba amafiirira, ndipo potaziyamu akasowa masamba akale amauma m'mphepete.

Gulu lililonse likonze zitini zitatu zofanana, zoboola pansi. M'choyamba muikidwe mchenga wotsuka, m'chachiwiri dothi la m'munda, m'chachitatu magawo awiri a dothi lomwelo ndi gawo limodzi la manyowa owolerana. Dzalani chimanga, osati nyemba, chifukwa nyemba zimapeza nayitrojeni kudzera m'timatuza ta kumizu yake ndipo zingasokoneze zotsatira. Zitini zonse zilandire madzi ofanana ndi dzuwa lofanana. Masiku oyambirira mbewu zonse zidzaoneka chimodzimodzi, popeza zikugwiritsa ntchito chakudya chosungidwa m'njere. Apa ana amagwa ulesi, ndipo mphunzitsi wopupuluma amathamangira kuwauza yankho. Dikirani milungu itatu kapena inayi.

Mbewu ya mumchenga ikachita chikasu, ipatseni yureya: supuni yaing'ono imodzi m'malita 5 a madzi, kamodzi pa milungu iwiri, dothi lili lonyowa kale. Feteleza akachuluka m'chitini alibe kothawira. Amawotcha mizu, nsonga za masamba zimauma, ndipo pamwamba pa dothi pamaoneka zoyera ngati mchere. Zikatero thirirani madzi ambiri mpaka atuluke pansi. Zitosi za nkhuku zaziwisi nazonso zimawotcha. Phulusa lili ndi potaziyamu koma lilibe nayitrojeni, ndipo kadzanja kochepa n'kokwanira. Komanso chikasu chimabwera ndi madzi ochuluka, choncho ana azipisa chala m'dothi asanagamule kuti yasowa michere.

Lachisanu lililonse ana ayeze kutalika kwa mbewu ndi rula, afotokoze maonekedwe a masamba m'mawu awoawo, ndipo mphunzitsi alembe mawuwo pabolodi monga anenedwera. Wina akati tsamba "lapsa", wina "lafota", musasankhe limodzi. Afunseni kusiyana kwake, aloze pachitini. Akamaliza asambe m'manja ndi sopo.