Mlandu Unagwera Nkhaka Zosalakwa

Anzanga, mu Meyi 2011 ku Germany kunabuka matenda otsegula m'mimba mwa magazi. Tizilombo ta E. coli tinadwalitsa anthu pafupifupi 4,000, ndipo oposa 50 anamwalira. Kodi gwero lake analipeza bwanji?

Poyamba akuluakulu a ku Hamburg analoza chala nkhaka za ku Spain, poti odwala ambiri ankakumbukira kuti anadya saladi. Alimi a ku Spain anataya zokolola zawo, koma kenako zinadziwika kuti nkhakazo sizinalakwe.

Ofufuza a Robert Koch Institute anasintha njira. Anapita ku lesitilanti ina komwe makasitomala ambiri anadwala, analemba zomwe aliyense anaitanitsa, n'kufunsa wophika zomwe anathira m'mbale iliyonse. Apa mpamene zinaululika: odwala onse anapatsidwa timbewu tongomera kumene, todya tosaphika, tomwe ambiri anali atatiiwala. Tinachokera pafamu ina ku Lower Saxony, ndipo mbewu zake za fenugreek zinachokera ku Egypt.

Ndiye funso lotere likabwera pa mayeso a Biology, osangoloza chala. Funsani odwala ndi osadwala omwe, yerekezani zomwe anadya, kenako tsatirani chakudyacho mpaka kumunda.