Malangizo: Dzina la Malonda Anu Munalilembetsa?

Tiyambe ndi inu amayi amene mumaika chiponde m'mabotolo n'kumatapo kapepala ka dzina lanu. Kodi dzinalo munalilembetsa ngati chizindikiro cha malonda? Ambiri amaganiza kuti satifiketi ya bizinesi ndi yokwanira. Ayi ndithu, zimenezi n'zosiyana. Wina akakuyambirirani kulembetsa chizindikirocho, mlandu wake udzakuvutani, ndipo timapepala munasindikizitsa mokwera mtengo tija tingathere pamoto.

Lamulo la zizindikiro za malonda la 2018 linalowa m'malo mwa lakale la 1957. Mukalembetsa tsopano, chitetezo chimatenga zaka 10, zikatha mumakalembetsanso. Chinanso chatsopano n'chakuti eni saluni, magalaja ndi malo ogona alendo, amene malonda awo ndi ntchito osati katundu, nawonso akhoza kulembetsa. Koma musanalipire wosindikiza, kafufuzeni kaye m'kaundula wa zizindikiro za malonda ngati dzinalo lilibe mwini kale.

Inunso a malo omwera ndi odyera, nyimbo zikulira pa sipikazo zili ndi eni ake. Kugula memori khadi yodzaza nyimbo sikukupatsani ufulu woziulutsira makasitomala. Lamulo loteteza eni zaluso la 2016 limafuna kuti mukhale ndi laisensi ya COSOMA, bungwe loyang'anira ufulu wa eni nyimbo. Kaitengeni asanakupezeni pamalopo.