Mantha a masamu amadya malo m'mutu

Mwana amene salakwitsa tchenji pogulitsa mbatata ya kachewere pamsika wa Bembeke, yemweyo akalowa m'kalasi amati, "Masamu si anga." Aphunzitsife mawu amenewa timawamva chaka chilichonse, makamaka mayeso a MSCE akayandikira.

Funso la masamu limafuna kuti munthu asunge manambala angapo m'mutu nthawi imodzi. Maganizo akadzaza ndi "ndilephera", malo osungiramo amachepa, njira imene mwanayo amaidziwa dzulo n'kumuthawa. Akalephera amakhulupiriradi kuti ndi mbuli, n'kusiya kuyeserera, ndiye mayeso otsatira amamuvutanso.

Mu 2011, Gerardo Ramirez ndi Sian Beilock a ku University of Chicago adapeza kuti ophunzira amantha amene adalemba nkhawa zawo papepala kwa mphindi 10 mayeso asanayambe adakhoza bwino kuposa anzawo amantha amene sadalembe. Ana athu, yesani zimenezi, sizilira ndalama.

Makolo, tisiye mawu oti "m'banja mwathu masamu tilibe mutu wake", makamaka pamaso pa atsikana. Mwana akabwera ndi malikisi ochepa, bwerani tione limodzi pamene akusokonezera. Akasiya kudya, kugona kapena kucheza ndi anzake, musadikire kuti teremu ithe.